Lichero la Bambo Chisale

Bambo Chisale tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Anthu sanachuluke. Anzawo amene anabwera nawo kuno pa sitima, mzinda uno ukadali Salisbury, ena anabwerera ku Malawi kalekale, ndipo ambiri anatsogola. Titachoka kumanda, mdzukulu wa mlongo wawo, mtsikana wa ku Kuwadzana amene Chichewa amangochimva koma pakamwa chimamuthawa, anayamba kutulutsa katundu m'nyumba. Anatuluka ndi lichero lakale, lothothoka m'mphepete, atalipana ndi zala ziwiri, n'kundifunsa mosakaniza ndi chiyankhulo cha kuno.

"Gogo, rusero ili n'la ambuya aja anamwalira kale? Ndikataye kubini?"

"Si la akazi awo ayi. N'la malemu omwewa," ndinamuyankha. "Bwera nalo kuno."

Anaseka, poganiza kuti ukalamba wayamba kundisewera m'mutu. Sindinamukalipire. Ndani angavomere kuti mwamuna wa ku Dedza, mkulu wa mpingo, munthu amene sankadzitungira ngakhale madzi akumwa, anakhala zaka zambirimbiri akupeta pakhomo m'mawa uliwonse, msewu wonse ukuona? Amene tinaona chiyambi chake tatsala ochepa, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ine ndi banja la a Chisale tinkalekanitsidwa ndi khoma limodzi ku Rugare, m'nyumba za anthu a njanji zomangidwa ziwiriziwiri. Khomalo linali lopyapyala moti iwo akatsokomola, mwana wanga Rute ankadzidzimuka. Amuna anga ndi a Chisale ankagwirira limodzi ku Lochinvar, kulumikiza ndi kumasula mabogi. Ndinene mosabisa: sindinkawakonda. Anali munthu wouma mtima, wamtali, wa khosi ngati la ng'ombe yapagoli, wosadziwa kuseka. Ankakiya chilichonse: njinga, shuga, wailesi, ngakhale kabati ya makapu a alendo. Mpukutu wa makiyi unkalendewera palamba, ndipo ana a mumsewu akamva kulira kwa makiyiwo ankabalalika asanaone mwini wake.

Mawu awonso anali okiyakiya. Ankakonda kunena kuti ife a ku Nyasalande ndife alendo m'dziko lino, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Eni nyumba akamamenyana, mlendo aziyang'ana m'mbale yake. Ankanenanso kuti chinthu chosagwira ntchito komanso chosadyedwa sichiyenera kupatsidwa chakudya. Galu ankamukana. Maluwa amene akazi awo, a Nankhoma, anadzala pakhomo anawazula n'kufesapo mpiru. A Nankhoma anali mayi wamfupi, wofatsa, wogulitsa tomato pageti. Anabereka kangapo, koma imfa inawalanda ana onse kupatula mmodzi, Lameki.

Mbalame zinabwera ndi Lameki ameneyo, nkhondo ya ufulu itafika pa ukali, nthawi imene anyamata ankangosowa m'makomo ngati nkhuku m'nyengo ya chitopa. Iye ankagwira ntchito yoperekera katundu panjinga pasitolo ina m'tauni. Mzungu wina wamkazi, amene ankalongedza kuthawira ku Joni, anamupatsa chikwere cha waya muli timbalame tinayi, pamodzi ndi chitini cha chakudya chake. Tinali tonga mpheta koma tocheperapo, totuwa, milomo yofiira ngati tanyambita penti. Tatimuna tinali ndi masaya ofiirira ndi timizeremizere pakhosi. Kulira kwake kunali konga kwa timalipenga ta ana ta pa Khirisimasi, ndipo mbalamezo sizinkapumira.

Ndinali pampopi pamene a Chisale anafika kuchokera kuntchito n'kupeza chikwerecho pakhonde.

"Izi n'chiyani?"

"Mbalame, baba. Dona wina wandipatsa, akuchoka."

"Zimaikira mazira oti munthu n'kudya?"

"Ayi."

"Zimalondera nyumba?"

"Zimangoimba, baba."

"Ndiye zikaimbire eni ake."

Mbalamezo zinangokhala poyambira. Mkangano weniweni unali wakale. A Chisale ankafuna kutumiza Lameki kumudzi ku Dedza, kumene mnyamatayo anali asanapondeko n'kamodzi komwe, kuti nkhondo imulambalale. Lameki ankakana. Madzulo a tsiku limenelo, ife tikudya, khoma linatibweretsera zonse.

"Nkhondo iyi si yathu. Ndife alendo."

"Alendo ndinu, baba. Ine mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwa nyumba ino. Funsani amai."

"Ukayankhulanso chonchi m'nyumba mwanga, utuluke. Utenge ndi timbalame takoto."

Sanayankhulanenso. Sabata isanathe, Lameki anatulutsa njinga m'mawa monga mwa masiku onse. Pageti anaima, n'kuuza mayi ake amene ankayala tomato kuti, "Amai, muwauze baba andisungire mbalame zanga. Ndidzazipeza." Njinga inapezeka itatsamira khoma la sitolo. Mwini wake sanaonekenso, ndipo palibe amene anafunsa mokweza kumene wapita, chifukwa tonse tinkadziwa njira imene anyamata ankalowera.

Tinkayembekezera kuti a Chisale atsegula chikwere n'kuzipirikitsa, kapena apatsa ana kuti akawotche. Koma a Nankhoma atawauza mawu aja, iwo anafunsa mobwereza kuti wanena bwanji kwenikweni. Kenako ananyamula chikwerecho, n'kukachiika m'kashedi ka malata mosungira njinga, n'kukiya. Anauza akazi awo, ine ndikumva, kuti amene adzakhudze chitseko chimenecho adzakwera sitima yobwerera kwawo.

Munthu ameneyu mbalame ankaidziwa ngati ndiwo basi. Poyamba ankaziponyera zinyenyeswa za buledi ndi mgaiwa, izo osalabadira. Tsiku lina anaona kamodzi katazizidwa, ndiye anakagwira m'dzanja lawo lachikanga lija kuti akafunditse. Kamtima kake kanagunda mpaka kambalameko kanangoti lefu, ndipo anakabweza pamtengo. Zoti mbalame zotere sizigwiridwa anaziphunzira choncho. Zina zonse anaziphunziranso molakwitsa, chifukwa kufunsa ankakuyesa kudzichotsa ulemu. Anaphunzira kuti utsi wa mbaula ndi wa pulayimasi umazitsamwitsa. Anaphunzira kuti mphepo yodutsa pazenera m'mwezi wa June ndi yoopsa kuposa mphaka, ndipo ankafunditsa chikwere ndi jekete lawo la kutchalitchi dzuwa likangolowa. Kamodzi anaziikira ulusi wa khonje kuti zimangire chisa, ulusiwo n'kukulunga mwendo wa kakakazi mpaka kachala kanauma n'kugwa. Kuyambira pamenepo ankathyola okha udzu wofewa m'mbali mwa njanji. Ankabwera kuchokera kuntchito ndi mchenga wouma m'thumba la ovolosi, ankakazinga makoko a mazira n'kuwasinja ndi botolo, ankatsuka masamba a chisoso ndi bonongwe ngati akukonzera mlendo wolemekezeka. Masana a Sabata ankaika sosala ya madzi m'chikwere n'kukhala pambali kuonerera zikusamba.

Chitini cha Mzungu chija chitatha, anayamba kupalasa njinga kupita ku Musika ku Mbare kukagula mawere ndi mchewere. Amayi ogulitsa ankawagemula kuti mowa wake ukapsa awaitane. Mphekesera inafika mpaka kumpingo, kuti mkulu wa mpingo wayamba kufulula. Akuluakulu anzawo atawafunsa mozungulirazungulira, iwo anangoti abwere adzaone okha zidakwa zawozo. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, nthabwala yawo ndi imeneyo yokha, ndipo ponena sanamwetulire.

Kakakazi kataikira timazira tonga nzama, a Chisale analetsa ana kusewera mpira mumsewu wonse. Amuna anga atawaseka kuti mazira ake ndi omwewo, iwo anayankha kuti timba sachepa ndi mazira ake. Tiana titaswa, anagula waya n'kukhoma chikwere chachikulu pakhonde. Chaching'ono chija anachisunga.

Nkhondo itatha, anyamata anayamba kubwerera, ena onenepa, ena ndi maso osakhazikika. Mumsewu mwathu nthungululu zinkamveka lero khomo ili, mawa khomo ilo. A Chisale Loweruka lililonse ankamangirira kachikwere kakale kaja panjinga, muli mbalame ziwiri, n'kupita ku Musika kokwerera mabasi. Ankaima pamene mabasi a ku Mutare ndi ku Mutoko amatsitsira anthu, chikwere chili m'manja, mbali imodzi atafunditsa nsalu poopa utsi. Ankati nkhope ya munthu imasintha, mwana akhoza kudutsa bambo wake m'chikhamu osamuzindikira, koma mbalame zake sangazidutse. Anthu ankawafunsa mtengo wa mbalamezo. Ankabwerera madzulo n'kuzithirira madzi atsopano.

Kenako kunabwera mnyamata wina wa ku Mufakose, wotsimphina, amene anaphunzira limodzi ndi Lameki. A Nankhoma anandiitana kuti ndidzakhale nawo. Mnyamatayo tiyi anamukana. Anati anali ndi Lameki kumsasa wina kutsidya kwa malire m'mawa umene ndege zinabwera kudzaponya mabomba. Anamuona akuthamangira kumtsinje. Sanamuonenso, ndipo amene anafa tsiku limenelo anakwiriridwa m'dzenje limodzi, popanda wowatchula maina.

"Unaona mtembo wake?" anafunsa a Chisale.

"Ayi, baba."

"Ndiye wabwera kudzanena chiyani?"

Kwathu munthu akafera kutali, mtembo wake osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'zovala zake n'kuliika m'manda ngati munthu. Timatero kuti mayi alire, abale amete, ndi mzimu upeze pogona. Akuluakulu a sosaite yathu ya maliro anabwera atavala majekete, anakhala pakhonde, n'kufotokoza zimenezi mofatsa. A Chisale anawamvetsera mpaka kumapeto, mbalame zikusokosa pamwamba pa mitu yawo.

"Mwana anati adzazipeza," anatero. "Si izi zilipo? Zikadzatha, mudzabwere."

Wamoyo saliridwa maliro. Kutero n'kumuitanira imfa. Ndiye mawu a a Chisale anatseka pakamwa pa akazi awo. A Nankhoma ankadikira amuna awo akhale pakhonde, n'kuzembera kukhitchini kwanga. Ankatsegula wailesi yanga mokweza chifukwa cha khoma lija, n'kuluma chitenje, mapewa okha akugwedezeka. Nyimbo za gitala zikulira, mayi akulira mwana wake ngati wakuba. Zimenezi sindinawakhululukire a Chisale, ndipo ngakhale lero ali m'manda mtima wanga sunatsike bwinobwino.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Amake Lameki, bwanji osangosiya kachitseko ka chikwere kotsegula tsiku limodzi? Mphaka amalize nkhaniyi, inu mulire mwana wanu poyera."

Anapukuta m'maso. "Ndaimapo kangapo pachikwerepo, amake Rute, dzanja lili pakachitseko."

"Ndiye?"

"Nanga akabweradi?"

Sindinawafunsenso.

Apa ndibwerere m'mbuyo, ku masabata oyambirira aja mbalame zikadali zinayi m'kashedi, chifukwa za lichero sindinanene.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. A Chisale anadzaza kambale ka mbalame mpaka m'milomo ndi njere za m'chitini cha Mzungu. M'mawa uliwonse ankatsegula kashedi, kusuzumira, kuthira madzi m'kabotolo, n'kukiya. Kambale kankaoneka kodzaza ndithu. Anauza amuna anga panjira kuti timbalameto tili ndi khalidwe limodzi labwino: sitiononga chakudya.

Masiku amenewo mwana akasowa, makolo ndiwo ankayankha. Amuna ena a boma ovala zovala wamba anafika ku Lochinvar pagalimoto yotuwa n'kuwatenga a Chisale ali pantchito. Amuna anga anabwera akukankha njinga ziwiri. Makiyi onse anapita ndi mwini wake. A Nankhoma anayenda m'maofesi, kulikonse akuuzidwa kuti munthu wotero sakumudziwa. Akabwerako tinkapita kuseri, n'kusuzumira pakampata ka malata. Mkati munali mdima, koma kambale tinkakaona: kodzaza. Madzi analimo pang'ono. Tinkalimbitsana mtima kuti chakudya chilipo, zidikira. Koma kulira kuja kunayamba kuchepa, tsiku ndi tsiku, ndipo masana ena malata akuotcha, m'kashedimo munangoti zii.

A Nankhoma anakatenga munsi. Anaima nawo pachitseko nthawi yaitali, chifukwa mawu a sitima aja sanali nthabwala. Amuna awo ankachita zimene anena.

"Akandithamangitsa, andithamangitse," anatero, n'kumenya.

Loko sanathyoke, koma chitsulo chomugwira chinazuka ndi misomali yomwe. Mbalame ziwiri zinali pansi pa chikwere, timiyendo titapinda. Ziwiri zina zinali pamtengo, zitafufuma nthenga, maso otsinzina. A Nankhoma anatulutsa kambale kaja, anapisamo chala, n'kundiyang'ana. Kenako anauzira pang'ono. Zonse zinauluka. Munalibe njere ngakhale imodzi.

Mbalame zimenezi zimasenda njere iliyonse ndi mlomo, kudya mtima wake, n'kusiya khoko momwemo m'mbale. Mbale imaoneka yodzaza pamene muli mankhusu okhaokha. Mayi aliyense amene anapetapo mawere akanazindikira ndi chala chimodzi. Koma m'kashedimo simunkalowa mayi, ndipo a Chisale chibadwire anali asanagwirepo lichero.

A Nankhoma anapera njere zina pamwala, anasungunula shuga wanga m'madzi, n'kumadonthezera pamilomo ya zotsalazo ndi kaudzu. Zakufazo anazikwirira pansi pa mpiru. Pofika madzulo kakamuna kanatsikira pakambale, m'mawa mwake kakakazinso. Chikwere anachikoleka pamsomali pakhonde pomwe pamapita mphepo. Kenako ndinawaona akusesa mankhusu aja pansi, kuwaolera m'dzanja n'kuwabwezera m'kambale. Sindinamvetse chifukwa chake.

A Chisale anabwera pakati pa sabata yotsatira, wapansi, nsapato zili m'manja chifukwa mapazi anali otupa osalowamo. Ankaponda ndi m'mbali mwa mapazi. Mlomo unali wong'ambika, lamba anawalanda, koma makiyi anawafumbata m'dzanja. M'nyumba sanalowe. Anadutsa pakhonde osakweza maso, molunjika kukashedi, n'kupeza chitseko chili pululu.

"Wathyola ndani?"

Ine ndinali kuseri kwa mpanda. A Nankhoma anatuluka ndi kambale kaja m'manja awiri ngati akupereka madzi kwa mlendo, koma sanagwade.

"Ndine. Mbale yanu iyi, bambo ake a Lameki. Ndi yodzaza, eti?"

Iwo anayang'anamo. "Ndi yodzaza."

A Nankhoma anaikweza kufika pankhope ya amuna awo, n'kuuzira. Mankhusu anawamata m'ndevu, m'zikope, ndi pabala la pamlomo lija.

"Ziwiri zafa ndi njala," anatero. "Chakudya chili m'chitini pambali pake, kiyi ali m'thumba mwanu."

Mayi ameneyu ndinali ndisanamumvepo akuyankhula chonchi. Ndinadikira khofi. Koma a Chisale anangoyang'ana m'kambale kopanda kanthu kaja, n'kukhala pansi padothi pomwepo, miyendo yotupa ili tambalale. Zimene anawachita kumene anawatengera kuja sanauzepo munthu mpaka imfa yawo, ndipo sindinaone msozi pa zimenezo. Pakhonde kakamuna kanalira kamodzi, iwo n'kutembenuka.

"Zatsala?"

"Ziwiri. Yaimuna ndi yaikazi."

Kenako anati, "Nankhoma, mawa mundiphunzitse kupeta."

M'mawa mwake msewu unaona zachilendo. A Chisale anakhala pasitepe, lichero lili m'manja, akazi awo ataima kumbuyo atawagwira m'mikono ngati mwana wophunzira kulemba. Njere zinkamwazika ponseponse. Amayi a pampopi anaseka mpaka kugwirana, amuna opita kuntchito anayang'ana kumbali ndi manyazi, ndipo anyamata anayamba kuwatchula kuti Mai Chisale. Iwo sanatembenuke. Kuuzira m'kambale kukanakwana, koma munthu woumira ngati iwo sakanalola njere imodzi yabwino kuuluka ndi mankhusu. Ndiye m'mawa uliwonse ankakhuthulira kambale m'lichero, kupeta, kubwezera zotsala n'kuonjezera zatsopano, kenako kupisamo chala kuti atsimikize. Mwezi usanathe dzanja lawo linali litafewa kuposa la amayi ambiri a mumsewu. Kashedi sanakakiyenso. Shuga yekha ndiye anapitiriza kumukiya.

Mbalame zonse zimene zinadzadzaza pakhonde paja zinachokera mwa ziwiri zimenezo. Ndikaganiza zimandiwawa: amene anazipulumutsa ndi a Nankhoma, amene anaphunzitsa mwini wake kuzisunga ndi a Nankhoma, ndipo mbalame zomwezo ndizo zinawamana maliro a mwana wawo.

Zinachuluka kwa zaka zingapo, kenako zinayamba kutha. Magazi anali amodzi, mazira ankangosukusa osaswa, ndipo tiana toswa tinkakhala tofooka. Munthu wina wa ku Highfield wosunga mbalame zomwezo anafuna kuwapatsa zina kuti asakanize. Anakana, chifukwa sizikanakhala za Lameki. Atapuma pantchito, anzawo ankalongedza kubwerera kumudzi, ndipo abale a ku Dedza anatumiza uthenga kuti munda ulipo. Munthu amene moyo wake wonse ankalalikira kuti mlendo ndi mame anangoti mwana akabwera adzawapeza kuti. Mame amenewo sanakamuke.

Pamene a Nankhoma ankadwala, kunali kutatsala kakamuna kamodzi, kokalamba, kothothoka pamutu. Mbalame zimenezi sizikhala zokha. Inzake ikafa, yotsalayo sichedwa. Tonse tinkati katsogola ndi kambalameko. Koma kanakakamira moyo, kakuitana tsiku lonse popanda woyankha, a Chisale akukapetera ngati kale. Masana ena ndikuwamwetsa phala, a Nankhoma anakankha supuni n'kuitana amuna awo.

"Bambo ake a Lameki, ndiloleni ndimulire ndisanapite."

A Chisale anaima pakhomo la chipinda. Pakhonde kambalame kanalira. Iwo anayang'ana komweko, kenako pansi.

"Kakadalipo, Nankhoma."

Mayiwo anatembenukira kukhoma. Ine ndinatuluka ndi mbale ya phala chifukwa ndikanakhala ndikanatukwana munthu wamkulu. A Nankhoma anamwalira mvula ili mkati, asanalire mwana wawo mokweza n'kamodzi komwe.

Kambalameko kanafa m'nyengo yozizira yotsatira. M'mawa wina ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinapeza a Chisale atavala jekete, dzanja limodzi atalifumbata pachifuwa. Analitambasula pang'ono kuti ndione.

"Amake Rute, nthochi ingapezeke kuti?"

A sosaite aja, amene anali akadali moyo, anabwera. Thunthu tinalikulunga m'malaya a khaki amene Lameki ankavala kusitolo, omwe mayi ake anawasunga pansi pa sutikesi atawasita. Bokosi litalowa m'nyumba, panafunika mayi woyambitsa maliro, ndipo panalibe. Amayi anayang'anana. Ndinayambitsa ndine, ndipo ndinalira ndi mawu onse amene ndinkawamva akumizidwa m'chitenje kukhitchini kwanga. Wailesi sindinatsegule.

Malo anapezeka pafupi ndi a mayi ake. Dothi litabwezeredwa, m'busa anapempha bambo wa malemu kuti anene mawu. A Chisale sanayang'ane mtumbira watsopanowo. Anatembenukira ku wa akazi awo, anavula chipewa, n'kunena motsitsa, moti tinamva ndife oyandikira okha.

"Nankhoma, mwana wanu uyu. Ndachedwa naye."

Anakhalanso zaka zingapo pambuyo pake. Chikwere chachikulu anachiphwasula, chaching'ono anachisiya pamsomali chili chotsegula. Kupeta sanasiye. Ankagulabe mawere, kupeta pasitepe m'mawa, n'kuwamwaza pabwalo kuti zidye mpheta za m'tchire, zosagwira ntchito, zosakhala za munthu. Sitinakhale mabwenzi. Ankandipatsa moni, ine n'kuyankha, ndipo akadwala ndinkawapititsira phala chifukwa cha a Nankhoma.

Tsopano nyumbayo ndi yotseka, abale akukambirana zoikamo anthu a lendi. Kachikwere kanapita ndi otola zitsulo. Pakhonde patsala msomali, ndi malo oyera pakhoma pamene chikwere chinkatchinga dzuwa. Sitepe ili ndi kachigwa kosalala pomwe ankakhala. M'ming'alu ya simenti mwamera mawere ndi mvula ino, ena ayamba kale kutulutsa ngala. Khoma lathu lija silibweretsanso kanthu, ngakhale chifuwa, ngakhale makiyi. Lichero ndalikoleka kukhitchini kwanga, pamwamba pa wailesi. M'mawa mpheta zimabwerabe, zimatera pabwalo, zimajompha dothi pang'ono n'kuyang'ana kuchitseko. Zikadikira, zimauluka.